Phunziro 6: Katchulidwe ka Makonsonanti a Chitaliyana kwa Oyamba Kumene

Mawu oyamba

Pamaphunziro ena a aphunzitsi ndinalemba pabolodi mawu awiri a Chitaliyana, chiesa ndi cena, n'kupempha aliyense kuti awerenge mmene akuonera. Mphunzitsi wa ku Malawi anati "chiyesa" ndi "sena". Wa ku Zambia anati "tchiyesa" ndi "chena". Wa ku Mozambique anati "shiyeza" ndi "sena". Mwini chiyankhulo amati "kyeza" (tchalitchi) ndi "chena" (chakudya chamadzulo). Pa mayankho 6, lolondola linali limodzi lokha. Komatu m'mawu awiriwo mulibe liwu ngakhale limodzi limene aphunzitsi atatuwa salitchula tsiku ndi tsiku. Chinawasokeretsa ndi maso: aliyense anawerenga motsatira kalembedwe kamene anaphunzira kusukulu kwawo.

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Makonsonanti ambiri a Chitaliyana ali kale m'kamwa mwa munthu woyankhula Chichewa kapena Chinyanja. Ntchito yanu yoyamba, aphunzitsi, ndi kuthandiza ophunzira kulumikiza maliwu amene ali nawo ndi malembo oyenera. Yachiwiri ndi kuphunzitsa zinthu zinayi zimene zilidi zachilendo kwa iwo.

Ophunzira anu akhoza kukhala ansembe ndi masisitere opita ku Roma, ogwira ntchito m'mahotela, operekeza alendo, oimba kwaya, kapena ofuna kulemba mayeso a CILS a ku Siena kapena a CELI a ku Perugia, amene ali ndi gawo la kuyankhula. Onsewa akufunika kumveka akatsegula pakamwa.

Zolinga

Pomaliza phunziroli mudzatha:
1. kuwerenga molondola c, g, ch, gh, sc, gn, gl, qu, z, s ndi h;
2. kugwiritsa ntchito maliwu a Chichewa ngati mlatho wofikira ku maliwu a Chitaliyana;
3. kuphunzitsa r ndi l, gli, makonsonanti aatali, ndi makonsonanti ogundana;
4. kukonza phunziro la mphindi 40 la katchulidwe.

Dziwani izi: katchulidwe kamene kali m'zizindikiro " " kalembedwa m'kalembedwe ka Chichewa ka ku Malawi, kamene kuyambira mu 1973 kamalemba ch pamene kale pankalembedwa c. Anzathu a ku Zambia ndi ku Mozambique, mukaona ch werengani ngati c wa mu Cinyanja.

6.1 Malembo osokeretsa

Alifabeti ya Chitaliyana ili ndi malembo 21: mavawelo 5 ndi makonsonanti 16. Malembo j, k, w, x ndi y amapezeka makamaka m'mawu obwereka ndi m'mayina. Popeza k mulibe, ntchito yake imagwiridwa ndi c, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepa.

Lamulo lake ndi limodzi, ndipo limagwira pa c, g ndi sc. Yang'anani lembo lotsatira. Likakhala e kapena i, liwu limafewa. Likakhala a, o kapena u, liwu limalimba.

ca, co, cu: "ka, ko, ku", monga mu cane (galu)
ce, ci: "che, chi", monga mu cento (100)
ga, go, gu: "ga, go, gu", monga mu gola (mmero)
ge, gi: "je, ji", monga mu gente (anthu)
sca, sco, scu: "ska, sko, sku", monga mu scala (makwerero)
sce, sci: "she, shi", monga mu uscita (potulukira)

Nanga munthu akafuna kulemba "ke" kapena "gi" amatani? Amaika h pakati. Lembo h lilibe liwu lakelake m'Chitaliyana, ntchito yake pano ndi kulimbitsa basi: che ndi "ke", chi ndi "ki", ghe ndi "ge", ghi ndi "gi", sche ndi "ske". Wophunzira wa ku Malawi apa amagwa chagada, chifukwa chi wake ndi wa mu chimanga. Muuzeni msanga kuti chi (ndani) ndi "ki", chiave (kiyi) ndi "kyave", ndipo perché (chifukwa) ndi "perke". Mawu akuti ho, hai, ha ndi hanno amayamba ndi vawelo pakamwa: "o, ai, a, anno".

Akafuna kulemba "cha" kapena "jo" amaika i pakati, ndipo i ameneyu samveka: ciao ndi "chao", giorno (tsiku) ndi "jorno", Giovanni ndi "jovanni". Amamveka pokhapo pamene mawu atsindikidwa pa iye, monga mu farmacia, "farmachiya".

Kulakwa pamenepa kumasintha zimene munthu wapempha. Pesce, "peshe", ndi nsomba. Pesche, "peske", ndi mapichesi. Wopita kumsika atasokoneza mawu awiriwa abwerako ndi ndiwo zolakwika.

Lembo q limayenda ndi u nthawi zonse, ndipo u ameneyu amamveka: questo (ichi) ndi "kwesto", qui (pano) ndi "kwi". Odziwa Chipwitikizi asamale, chifukwa anazolowera kuwerenga que ngati "ke".

Ntchito 1
Lembani katchulidwe ka mawu awa m'malembo a Chichewa, kenako muwatchule mokweza: amici, amiche, laghi, adagio, crescendo, Michelangelo, Sant'Egidio. Dzina lomalizali ndi la gulu la ku Roma limene linathandiza pa zokambirana zamtendere za dziko la Mozambique, zimene zinatha ndi mgwirizano wa pa 4 Okutobala 1992.

6.2 Chuma chimene ophunzira anu ali nacho kale

Mabuku ambiri ophunzitsa Chitaliyana analembedwera oyankhula Chingerezi, choncho amathera masamba pa zinthu zimene kwa ife n'zapafupi. Musataye nthawi pa izi. Muzingosonyeza wophunzira liwu lake la m'Chichewa.

gn ndi ny wa mu nyumba: bagno (bafa) ndi "banyo", signore (bambo) ndi "sinyore", Bologna ndi "bolonya". Liwu la g silimveka ngakhale pang'ono.

z ali ndi maliwu awiri, ndipo onse tili nawo: ts wa mu tsiku ndi dz wa mu dzina. Grazie (zikomo) ndi "gratsye", stazione ndi "statsyone", ndipo mawu onse othera ndi -zione amatero. Zero ndi "dzero", mezzo (theka) ndi "meddzo". Kalembedwe sikasonyeza kuti apa ndi ts kapena dz, ndiye mawu aliwonse aphunziridwe ndi liwu lake. Chachikulu n'chakuti z wa Chitaliyana satchulidwa ngati z wa mu zala.

p, t ndi k amatchulidwa opanda mpweya wotsatira. Oyankhula Chingerezi amavutika nazo, koma ife timasiyanitsa kale pala ndi phala, kola ndi khola, tupa ndi thupi. Chitaliyana chimangogwiritsa ntchito oyambawo. Pala wa Chitaliyana (fosholo) amamveka ngati pala wathu wa kupala moto. Gwirani kapepala patsogolo pa milomo: mukati phala kagwedezeka, mukati pala kangokhala. Ophunzira amene anaphunzira Chingerezi kwambiri ndi amene amabweretsa mpweyawu, n'kumati "phasta". Abwezereni ku Chichewa chawo. Potchula t ndi d, nsonga ya lilime ikhudze mano akumwamba.

Pali msampha umodzi. M'mawu athu achikhalire, p, t ndi k akatsatana ndi m kapena n m'phatikizo limodzi amatenga mpweya: mphasa, nthawi, nkhuku. Chizolowezi chimenechi chimapangitsa tempo (nthawi) kumveka "tempho", tanto (kwambiri) "tantho", cinque (5) "chinkhwe". Mankhwala ake ndi kudula phatikizo pamalo pake: tem-po, tan-to, cin-que. Yambani pang'onopang'ono, kenako fulumirani.

b ndi d tili nawo amitundu iwiri. Tchulani bala la pamwendo, kenako bala yomwera mowa. Tchulani kudula nkhuni, kenako kudula kwa katundu. M'mawu oyambawo mpweya umakhala ngati ukukokedwera mkati, m'achiwiriwo umatuluka. Chitaliyana chimafuna achiwiriwo: bene (bwino), dove (kuti), domani (mawa).

s amamveka "z" akatsogolera konsonanti yolira kukhosi monga b, d, g, v, m, n, l kapena r: sbaglio (cholakwa) amayamba ndi "zb". Pakati pa mavawelo awiri Ataliyana eniake amasiyana. Ku Milano casa (nyumba) ndi "kaza", ku Roma ndi ku Napoli ndi "kasa". Zonse n'zovomerezeka. Koma ss ndi "s" paliponse.

6.3 Zachilendo zinayi

(a) r ndi l

M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi lolembedwa pawiri: timalemba r pambuyo pa e kapena i, monga mu lero ndi mbiri, ndipo l m'malo enawo. Kutchula "lelo" sikusintha tanthauzo. M'Chitaliyana kumasintha:

lana (ubweya wa nkhosa), rana (chule)
male (zoipa), mare (nyanja)
velo (nsalu yofunda kumutu), vero (zoona)

Khutu la wophunzira linazolowera kunyalanyaza kusiyana kumeneku, choncho yambani ndi kumva. Mukatchula lana akweze dzanja lamanja, mukatchula rana lamanzere. Musapite pa kutchula mpaka ambiri atayamba kukhoza.

Aphunzitsi ambiri amalimbana ndi r yekha, kuiwala kuti l nayenso ndi watsopano. Potchula l wathu lilime limangomenya kamodzi n'kuchoka. Pa l wa Chitaliyana nsonga ya lilime imakhazikika kuseri kwa mano akumwamba, mpweya n'kumadutsa m'mbali. Wophunzira ayese kumukoka: "llllana". Ngati sakukokeka, lilime silinakhazikike.

Pa r nsonga ya lilime imanjenjemera pausinini. Ana oyendetsa galimoto zamawaya amalitulutsa bwinobwino liwuli akamati "vrrr". Yambirani pomwepo, kenako tre (3), treno (sitima), kenako Roma. Pakati pa mavawelo, monga mu mare, kumenya kamodzi kokha n'kokwanira. Ophunzira a ku Zimbabwe odziwa Chishona r ali naye kale, iwo alimbikire l. Wina akakanikiratu kunjenjemeretsa lilime musamugwetse mphwayi. Alipo Ataliyana amene amatchulira r kukhosi, ndipo amamveka. Chofunika n'chakuti r wake asafanane ndi l wake.

(b) gli

Liwu ili limapezeka mu figlio (mwana wamwamuna), moglie (mkazi wa munthu), famiglia (banja) ndi aglio (adyo). Odziwa Chipwitikizi ali nalo: ndi lh wa mu filho. Enafe tidutse njira ya ny. Tchulani "nya" ndipo muone pamene pali lilime: pakati pake pakhudza kumwamba kwa m'kamwa, nsonga ili pansi. Musalisunthe. Tsopano mpweya, m'malo modutsa m'mphuno, udutse m'mbali mwa lilime. Wophunzira akamati "filyo" ali pafupi ndipo amveka. Akamati "figiliyo" wawerenga ndi maso. M'mawu ochepa monga anglicano, ndiponso pamene gl atsatidwa ndi vawelo ina monga mu inglese, g ndi l amamveka onse.

(c) Makonsonanti aatali

Ichi ndicho chofunika kuposa zonse m'phunziro lino. Konsonanti ikalembedwa kawiri imatchulidwa motalika, ndipo tanthauzo limasintha:

sete (ludzu), sette (7)
nono (wachi 9), nonno (agogo aamuna)
pala (fosholo), palla (mpira)
caro (wokondedwa), carro (ngolo)
capello (tsitsi), cappello (chipewa)
sono (ndine), sonno (tulo)
casa (nyumba), cassa (polipirira)

Ngakhale galamala imadalira zimenezi: parleremo ndi "tidzayankhula", parleremmo ndi "tikanayankhula". Ndipo pali mawu amene angachititse munthu manyazi pagulu. Anno ndi chaka, koma ano ndi malo otulukira chimbudzi. Wophunzira aliyense amayenera kunena zaka zake m'sabata zoyambirira, monga ho vent'anni (ndili ndi zaka 20). Ndi bwino amve chenjezoli kwa inu m'kalasi kusiyana n'kukalimva kwa anthu akumuseka.

Mlatho ulipo m'Chichewa. Tchulani anamenya, kenako anam'menya. Milomo imatsekeka nthawi yotalikirapo m'mawu achiwiriwo, ndipo tanthauzo lasintha. Umu ndi mmene mm wa mu mamma alili. Wophunzira akamva zimenezi m'chiyankhulo chake, amasiya kuona ngati mukumuuza zosatheka.

Maliwu okokeka, monga m, n, l, r, s, f ndi v, ingowakokani: non-no, pal-la. Maliwu otseka, monga p, t, k, b, d ndi g, sakokeka ndipo satchulidwa kawiri. Mumatseka, kudikira pang'ono, n'kutsegula kamodzi: set-te. Gwiritsani ntchito manja. Fumbatani chibakera potseka, tambasulani potsegula.

Samalaninso vawelo yapatsogolo pake. Ife timakonda kutalikitsa vawelo ya phatikizo lotsatizana ndi lomaliza tikamamaliza chiganizo, monga "ndapiita". Pa sete chizolowezichi chimathandiza, chifukwa e woyamba ndi wotalikadi. Pa sette chimawononga, chifukwa e ayenera kufupika kuti nthawiyo ipite kwa t. Auzeni motere: vawelo yaitali, konsonanti yaifupi, vawelo yaifupi, konsonanti yaitali. M'katchulidwe kovomerezeka gn, gli, sc wofewa ndi z amakhala aatali pakati pa mavawelo ngakhale alembedwe kamodzi.

(d) Makonsonanti ogundana

Maphatikizo athu amathera ndi vawelo, n'chifukwa chake mawu obwereka tinawasandutsa sukulu, sitolo ndi buledi. Wophunzira adzachita chimodzimodzi ndi strada (msewu), n'kunena "sitirada", kapena per n'kunena "pere". Mangani mawu kuchokera kumapeto: rada, trada, strada. Pa s woyambirira, akokeni kaye: "ssss-cuola". Pa mawu aafupi monga il, per, con ndi non, musawaphunzitse paokha. Alumikizeni ndi mawu otsatira ngati ndi amodzi: il pane, per favore, con te.

Ntchito 2
Wophunzira wanena ziganizo izi. Pezani cholakwika, tchulani gwero lake, ndipo nenani njira imodzi yomuthandizira.
(i) Pofuna kunena kuti ali ndi ana 7 wati: "O sete fili."
(ii) Pofuna kunena kuti akupita kunyanja wati: "Vado al male."
(iii) Pofuna kufunsa mtengo wati: "Kwantho kosita?"

6.4 Tiphunzitse katchulidwe kati?

Chitaliyana cholembedwa chinachokera ku chiyankhulo cha ku Firenze cha m'zaka za m'ma 1300, nthawi ya Dante, Petrarca ndi Boccaccio. Dziko la Italy linakhala limodzi mu 1861, ndipo mpaka lero munthu amadziwika kwawo ndi mmene amayankhulira. A ku Firenze komweko amati "la hasa" ponena la casa. Mukakayika pa mawu ena, monga ngati z wake ndi ts kapena dz, onani mu Dizionario d'ortografia e di pronunzia, dikishonale imene RAI inatulutsa koyamba mu 1969. Ilinso pa intaneti, ndipo mukhoza kumvetsera mawuwo akutchulidwa.

Cholinga chanu chikhale chakuti wophunzira amveke. Pokonza zolakwa tsatirani ndondomeko iyi: poyamba zosintha tanthauzo, monga makonsonanti aatali, r ndi l, c ndi ch, kenako zovutitsa womvera, monga mavawelo olowetsedwa pakati, pomaliza zongosonyeza kumene munthu akuchokera, monga b ndi d okokera mkati. Zomalizazi zikatsala, palibe chaonongeka.

6.5 Chitsanzo cha phunziro la mphindi 40

Mutu: makonsonanti aatali. Mabuku akhale otseka mpaka gawo lachinayi. Khutu liyambe, pakamwa patsatire, maso abwere pomaliza.

Mphindi 5: Ophunzira atchule anamenya ndi anam'menya, n'kufotokoza okha chimene chasintha pamilomo.
Mphindi 10: Tchulani mawu awiriawiri a mu 6.3(c) mosakaniza. Chala chimodzi m'mwamba ngati amva yaifupi, ziwiri ngati amva yaitali. Ngakhale m'kalasi ya ophunzira ambiri mudzaona msanga amene sakumva.
Mphindi 10: Atchule onse pamodzi ndi chibakera, kenako mzere ndi mzere, kenako mmodzimmodzi.
Mphindi 10: Awiriawiri. Wina atchule liwu limodzi, mnzake alembe chimene wamva. Akalemba pala pamene mnzake amafuna palla, wotchulayo abwereze.
Mphindi 5: Aliyense anene zaka zake ndi chiganizo cha ho ... anni.

Musaunjike maliwu onse m'phunziro limodzi. Mphindi 5 za katchulidwe koyambirira kwa phunziro lililonse zimapindula kuposa tsiku lathunthu kamodzi pa teremu.

Ntchito 3 (yotumiza kwa mlangizi wanu)
Dzijambuleni mawu pafoni mukuwerenga mawu onse a mu 6.3. Dikirani masiku awiri, kenako mvetserani muli ndi pepala n'kulemba zimene mukumva, osati zimene munkafuna kunena. Tumizani mawuwo pamodzi ndi ndime imodzi yofotokoza liwu limene likukuvutani ndi mmene mukulikonzera. Ophunzira amatengera pakamwa pa mphunzitsi, ndiye kukonza kuyambe ndi inu.

Mwachidule

Malembo c, g ndi sc amafewa patsogolo pa e ndi i. H amawalimbitsa, i amawafewetsa. Maliwu a gn, z, qu, p, t ndi k alipo kale m'Chichewa. Zofuna nthawi yanu ndi zinayi: r ndi l, gli, makonsonanti aatali ndi makonsonanti ogundana. M'Phunziro 7 tidzaona mavawelo ndi katsindikidwe ka mawu.

Mayankho

Ntchito 1: "amichi", "amike", "lagi", "adajo", "kreshendo", "mikelanjelo", "santejidyo".

Ntchito 2: (i) Ho sette figli. Wafupikitsa tt, moti sette wamveka ngati ludzu, ndipo gli wamutchula ngati l wamba. Chibakera chithandiza pa tt, njira ya ny pa gli. (ii) Vado al mare. Wasokoneza r ndi l chifukwa m'Chichewa ndi liwu limodzi. Abwerere pa kumva male ndi mare asanayesenso kutchula. (iii) Quanto costa? Waika mpweya pa t pambuyo pa n, ndipo walowetsa i pakati pa s ndi t. Adule kuti quan-to, ndipo akoke s: "kosss-ta".